Mafunso ndi mayankho: Glenn McGrath, kriketi ndi anamwino a odwala khansa

Amene amaonera kriketi pa kanema amadziwa kuti kumayambiriro kwa Januwale bwalo la Sydney Cricket Ground ku Australia limangoti pinki ponseponse. Oonerera amavala pinki, zikwangwani zimakhala za pinki, ngakhale timitengo ta wiketi amatipaka pinki. Pakati pa bwalopo pamaoneka bambo wamtali akulandira zipewa kwa osewera a matimu onse awiri. Ameneyo ndi Glenn McGrath. Mafunso ali m'munsiwa akukhudza moyo wake, ntchito yake ya kriketi ndi zimene wakhala akuchita chisiyireni kusewera.

Kodi Glenn McGrath ndi ndani?

Ndi katswiri wa kriketi wa ku Australia amene anasewerera timu ya dziko lake kuyambira 1993 mpaka 2007. Anabadwa pa 9 Febuluwale 1970 m'tauni ya Dubbo, m'chigawo cha New South Wales. Ntchito yake m'timu inali yoponya mpira. Pa masewero 124 a Test anatenga mawiketi 563, ndipo pa masewero 250 a tsiku limodzi anatenga 381. Anapambana nawo chikho cha World Cup katatu motsatizana, mu 1999, 2003 ndi 2007. Mu 2005, akadasewera, iye ndi mkazi wake Jane anakhazikitsa bungwe la McGrath Foundation, lomwe limalipira anamwino osamalira odwala khansa. Lero ku Australia kuli anthu amene sanamuonepo akuponya mpira koma dzina lake amalidziwa chifukwa cha anamwinowa.

Ife tinakulira mpira wamiyendo. Mawiketi 563 ndi chiyani kwenikweni?

Timu ya kriketi imakhala ndi osewera 11. Timu ina imamenya mpira ndi thabwa lotchedwa bati kuti ipeze marani, omwe ndi mapointi a kriketi, inayo imaponya n'cholinga chotulutsa omenyawo mmodzimmodzi. Kumbuyo kwa womenya kumakhala timitengo titatu tozika pansi, ndiye wiketiyo. Mpira ukagunda timitengoti, womenya watuluka. Akaumenya wina n'kuuwakha usanagwe pansi, watulukanso. Chimodzimodzi akautchinga ndi mwendo pomwe umakagunda timitengo. Zikatero amati woponya watenga wiketi. Omenya 10 akatuluka, matimu amasinthana.

Masewero a Test amatha kutenga masiku asanu, ndipo timu iliyonse imamenya kawiri. Choncho mawiketi 563 pa masewero 124 ndiye kuti pa sewero lililonse McGrath ankatulutsa anthu anayi kapena asanu. Chinanso chimene odziwa kriketi amayang'ana ndi kuchuluka kwa marani amene woponya amapereka kuti apeze wiketi imodzi. Kwa McGrath anali 21.64. Woponya amene wasewera zaka zambiri n'kukhala pansi pa 25, ameneyo ndi katakwe.

Anakulira kuti, ndipo anafika bwanji m'timu ya dziko?

Anakulira pa famu pafupi ndi Narromine, katauni ka alimi kumadzulo kwa Dubbo, mtunda wopitirira makilomita 400 kuchokera ku Sydney. Kumeneko kunalibe sukulu ya kriketi kapena mphunzitsi wodziwika. Mnyamatayu ankaimika mgolo kuseri kwa shedi n'kumauponyera mpira yekhayekha, madzulo ndi madzulo. Ali wamng'ono anthu sankamuona ngati wodzafika patali. Amene anamuona kuti ali ndi kanthu ndi Doug Walters, katswiri wakale wa Australia, atamuona akusewera kumudzi komweko.

Ali ndi zaka 19 anasamukira ku Sydney kukasewerera kalabu ya Sutherland. Ndalama ya lendi inali yovuta, moti kwa nthawi yopitirira chaka ankagona mu kalavani. Anzake anamupatsa dzina loti Pigeon pomuseka kuti miyendo yake ndi yoonda ngati ya nkhunda, ndipo dzinalo linamukanirira mpaka lero. Atangosewera masewero asanu ndi atatu okha a ligi yaikulu, anamuitana ku timu ya dziko. Sewero lake loyamba la Test linali mu Novembala 1993 ku Perth, polimbana ndi New Zealand.

Kodi ndiye ankaponya mwaliwiro kuposa onse?

Ayi, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yake yonse. Mnzake m'timu, Brett Lee, ankaponya mpira wothamanga makilomita opitirira 150 pa ola. Shoaib Akhtar wa ku Pakistan anafika pa 161.3 mu 2003. McGrath nthawi zambiri ankangokhala cha m'ma 130. Pa liwiro lokha sakanaopsa aliyense.

Chimene ankachita n'chakuti ankagwetsa mpira pamalo amodzimodzi, kunja pang'ono kwa kamtengo ka mbali ya bati, pa mtunda woti womenya asadziwe kuti apite kutsogolo kapena abwerere m'mbuyo, aumenye kapena ausiye. Popeza ndi wamtali, pafupifupi mamita 1.95, mpira wake unkachokera m'mwamba n'kunjanja kwambiri kuposa mmene womenya amayembekezera. Mpira wa kriketi ndi wachikopa ndipo uli ndi msoko wotukuka pakati. Ukagwera pa msokopo umapatuka pang'ono, mwina kulowa mkati, mwina kutuluka. McGrath sankafuna kuti upatuke kwambiri. Zala ziwiri kapena zitatu zinkakwanira kuti mpira ukhudze m'mphepete mwa bati n'kugwera m'manja mwa wowakha kumbuyo, poyamba Ian Healy, kenako Adam Gilchrist.

Womenya amatha kupirira maova asanu (ova imodzi ndi mipira isanu ndi umodzi) osapeza rani. Akafika pa ova ya nambala 10 mtima umayamba kumuthamanga, ndipo amamenya mpira umene akanausiya. McGrath ankadikira nthawi imeneyo. Mbali inayo kunkakhala Shane Warne, woponya mpira wozungulira, ndiye womenya analibe kothawira. Pa masewero 104 a Test amene awiriwa anasewera limodzi anatenga mawiketi 1,001.

Oonera ena ankati kaponyedwe kake n'kotopetsa. Zoona, sikanali kochititsa kaso ngati ka Wasim Akram wa ku Pakistan. Koma kuponya mpira pamalo amodzi kwa zaka 14, dzuwa likuswa mtengo, thupi likuwawa, si ntchito yamasewera.

Ndi masewero ati amene anamutchukitsa?

Dzina lake linayamba kumveka mu 1995 pamene Australia inapita kukasewera ndi West Indies. Timu ya West Indies inali itatha zaka 15 osagonja pa mndandanda uliwonse wa masewero a Test. Oponya akuluakulu a Australia, Craig McDermott ndi Damien Fleming, anavulala, ndipo udindo unagwera McGrath. Iye sanaope kuponyera mipira yonjanja mpaka kumutu kwa Curtly Ambrose ndi Courtney Walsh, oponya mwaliwiro a West Indies, akudziwa kuti nayenso adzamubwezera akadzagwira bati. Australia inapambana 2-1.

Mu 1997 pa bwalo la Lord's ku London anatenga mawiketi 8 atapereka marani 38 okha. Mu Disembala 2000 ku Perth anatulutsa anthu atatu pa mipira itatu yotsatizana: Sherwin Campbell, Brian Lara ndi Jimmy Adams, ndipo Lara ndiye anali wiketi yake ya nambala 300. Mu 2004, ku Perth komweko, anatenga mawiketi 8 pa marani 24 polimbana ndi Pakistan.

Anali ndi chizolowezi cholengeza m'nyuzi dzina la womenya amene akumufuna masewero asanayambe, ndipo ankasankha katswiri weniweni wa timuyo. Mike Atherton wa ku England anamutulutsa ka 19 pa masewero a Test. Lara anamutulutsa ka 15, ngakhale Lara naye anali ndi masiku ake omwe ankamubwezera mokwanira.

Nanga ku World Cup anachita zotani?

Anasewera mipikisano inayi ndipo yonse anafika mu fainolo. Ya 1996 ku Lahore anagonja kwa Sri Lanka, zitatu zotsatirazo anapambana. Mawiketi ake onse ku World Cup ndi 71, ndipo palibe amene wawapitirira.

Amene anali ku South Africa mu 2003 akukumbukira zinthu ziwiri. Ku Potchefstroom anatenga mawiketi 7 pa marani 15 polimbana ndi Namibia. Pa fainolo ku Wanderers, mu Johannesburg, India inkafunika marani 360, ndipo chiyembekezo chonse chinali pa Sachin Tendulkar. McGrath anamutulutsa mu ova yoyamba, atawakha yekha mpira umene anaponya. Mu 2007 ku West Indies, ali ndi zaka 37, anatenga mawiketi 26 n'kusankhidwa kukhala wosewera bwino pa mpikisano wonse. Fainolo ya ku Barbados inali sewero lake lomaliza m'timu ya Australia.

Nkhani yoti anaponda mpira mu 2005 ndi yotani?

Australia ndi England zimalimbirana chikho chotchedwa Ashes, ndipo pofika 2005 England inali isanachitengepo kuyambira 1987. Sewero loyamba ku Lord's McGrath anatenga mawiketi 9, kuphatikizapo wiketi yake ya nambala 500, ndipo Australia inapambana mosavuta. M'mawa wa sewero lachiwiri ku Edgbaston, osewera akutenthetsa thupi, iye anaponda mpira wa kriketi umene unali pansi n'kubinya kakolo. Anamutulutsa m'bwalo pa kangolo. England inapambana sewerolo ndi marani awiri okha. Sewero lachinayi ku Trent Bridge sanasewerenso chifukwa cha chigongono, ndipo England inapambananso. Zinatha 2-1. Masewero awiri amene England inapambana ndi omwewo amene McGrath anali panja.

Kumenya mpira ankatha?

Kunena zoona, ayi. Ankamenya pa nambala 11, womaliza, ndipo pa masewero a Test anatuluka ka 35 asanapeze rani ndi imodzi yomwe. Tsiku limodzi lokha zinamuyendera: mu 2004 ku Brisbane anapeza marani 61 polimbana ndi New Zealand, anzake akufa ndi phwete pa khonde.

Kodi anali munthu waulemu m'bwalo?

Osati nthawi zonse. Kunja kwa bwalo anthu amamudziwa ngati munthu wofatsa, koma akagwira mpira pakamwa pake sipankatsekeka. Ankanyoza omenya, ankalalata zikamukanika, ndipo analipitsidwapo chindapusa chifukwa cha khalidwe.

Nkhani yoipitsitsa inachitika mu Meyi 2003 ku Antigua. McGrath ananena mawu achipongwe kwa Ramnaresh Sarwan wa West Indies, ndipo Sarwan pobwezera anatchula mkazi wa McGrath. Nthawi imeneyo Jane anali atangouzidwa kumene kuti khansa yabwerera, ndipo McGrath anali atafika mochedwa pa ulendowo chifukwa cha matendawo. Anapsa mtima koopsa, n'kumuloza Sarwan chala kumaso makamera akujambula. Ululu wake ndi womveka, koma amene anayamba chipongwe ndi iye. West Indies inapambana sewerolo itapeza marani 418, ndipo awiriwa anadzagwirizana pambuyo pake.

Jane McGrath anali ndani, ndipo anadwala bwanji?

Jane anabadwira ku England mu 1966 ndipo ankagwira ntchito yosamalira anthu m'ndege. Anakumana ndi McGrath ku Hong Kong mu 1995. Mu 1997, ali ndi zaka 31 zokha, anamupeza ndi khansa ya m'mawere. Anamuchotsa bere, analandira mankhwala amphamvu a khansa ndi chithandizo chowotcha ndi makina. Awiriwa anakwatirana mu 1999 ndipo anabereka ana awiri, wamwamuna ndi wamkazi.

Mu 2003 khansa inapezekanso m'fupa la m'chiuno. Kumayambiriro kwa 2006 inafika mu ubongo, ndipo McGrath anasiya kriketi kwa miyezi ingapo, osapita ndi timu ku South Africa ndi ku Bangladesh, kuti akhale pakhomo. Jane anamwalira pa 22 Juni 2008 kunyumba kwawo ku Sydney ali ndi zaka 42. Miyezi isanu m'mbuyo mwake, boma la Australia linali litapereka ulemu wa Member of the Order of Australia kwa onse awiri.

Bwanji bungwe lawo linasankha anamwino? Sakanamanga chipatala kapena kulipira kafukufuku?

Akatswiri ena a kriketi anatenga njira zimenezo. Imran Khan anamanga chipatala cha khansa cha Shaukat Khanum ku Lahore, chomwe chinatsegulidwa mu 1994 pokumbukira mayi ake. Ian Botham anayenda wapansi kuchokera ku John o' Groats, kumpoto kwa Britain, mpaka ku Land's End kummwera kwake mu 1985 potolera ndalama za kafukufuku wa khansa ya m'magazi. Banja la McGrath linaona vuto lina, ndipo amene analiona ndi Jane, chifukwa ndiye anali wodwalayo.

Atadwala koyamba mu 1997, madokotala anali nawo, mankhwala analipo, koma panalibe munthu mmodzi womudziwa bwino amene akanamuimbira foni akafika kunyumba mantha atamugwira. Matenda atabwerera mu 2003 anakumana ndi namwino wophunzira za khansa ya m'mawere, ndipo anaona kusiyana kwake. Dokotala amakhala ndi mphindi zochepa, amatchula mawu ovuta, ndipo munthu amene wangouzidwa kuti ali ndi khansa sagwira ngakhale theka la zimene zanenedwa. Mafunso enieni amabwera usiku. Tsitsi lidzathothoka liti? Ana ndiwauza bwanji? Kutentha thupi kumeneku n'koopsa kapena ayi? Mafunso ena mayi sangafunse mwamuna wake poopa kumuwonjezera nkhawa.

Amene anagonapo pa khonde la chipatala akudikirira m'bale wodwala amadziwa kufunika kwa munthu wokhala pambali pa wodwala tsiku ndi tsiku. Namwino wa McGrath ali ngati wodikirira ameneyo, kungoti iye anaphunzira za matendawo ndipo dokotala amamumvera.

Pali chifukwa chinanso. Australia ndi dziko lolemera koma lalikulu kwambiri. Mayi wa ku katauni ngati Narromine amayenda mtunda wautali kuti akaonane ndi dokotala wa khansa. Makina okwera mtengo sungaike m'tauni iliyonse, koma namwino ungamuike. N'chifukwa chake anamwino ambiri a bungweli ali kumadera akumidzi ndi m'matauni ang'onoang'ono.

Kwa ine, nzeru ya bungweli inali kusankha chinthu chimodzi chooneka ndi maso n'kukakamira pomwepo kwa zaka pafupifupi 20. Wopereka ndalama amatha kufunsa kuti anamwino alipo angati ndipo ali kuti, yankho lake n'kukhala nambala ndi dzina la tauni. Ndipo ngakhale dzina lotchuka ndi la Glenn, ganizoli linali la Jane, mothandizana ndi mnzake wapamtima Tracy Bevan, yemwe wakhala mmodzi mwa atsogoleri a bungweli kuyambira pachiyambi.

Namwino wa McGrath amachita chiyani kwenikweni?

Ndi namwino wovomerezeka ndi boma amene anawonjezera maphunziro a khansa. Amagwira ntchito m'zipatala zomwe zilipo kale, bungweli limangolipira malo akewo. Amayamba kuyenda ndi wodwala kuchokera tsiku limene wamva zotsatira mpaka chithandizo chonse. Amafotokoza m'mawu osavuta zimene dokotala wanena, amalongosola masiku okaonana ndi madokotala osiyanasiyana kuti asawombane, amaona mabala a opaleshoni, amalangiza za zovuta zobwera ndi mankhwala, amachezanso ndi mwamuna ndi ana. Amathandizanso amene khansa yawo yafalikira moti singachizikenso. Wodwala salipira kalikonse ndipo safunika kalata ya dokotala kuti amupeze.

Ku Australia anthu opitirira 20,000 amapezeka ndi khansa ya m'mawere chaka chilichonse, ndipo ochepa mwa iwo ndi amuna. Opitirira 9 mwa 10 alionse amakhala akadali moyo patatha zaka zisanu. Bungweli lafika pokhala ndi anamwino opitirira 200 amene athandiza mabanja opitirira 100,000. Kuyambira 2025 linakulitsa ntchito yake kuti anamwino azisamalira odwala khansa ya mtundu uliwonse.

Nanga masewero a pinki aja anayamba liti?

Anayamba mu Januwale 2009, patangotha miyezi isanu ndi umodzi Jane atamwalira, pa sewero la Test la Australia ndi South Africa ku Sydney. Kuyambira pamenepo sewero la Test la chaka chatsopano pa bwaloli limatchedwa Pink Test, ndipo tsiku lachitatu ndi Jane McGrath Day. Osewera a matimu onse amavala zipewa za pinki, amazisaina n'kuzipereka kwa McGrath ndi banja lake kuti zigulitsidwe. Anthu ongodzipereka amazungulira ndi zitini zotolera ndalama.

Mu 2021, mliri wa Covid-19 utachepetsa anthu ololedwa kulowa m'bwalo, bungweli linayamba kugulitsa mipando ya pinki pa intaneti. Munthu amalipira mpando umene sadzakhalapo, n'kulembapo dzina la m'bale wake wodwala kapena womwalira. Njirayi inagwira kwambiri moti mliri utatha sanaisiye. Masiku ano sewero limodzi limabweretsa madola a ku Australia mamiliyoni angapo.

Bwaloli lili ndi mbiri ina kwa McGrath. Ndi pomwepa pamene anasewera Test yake yomaliza mu Januwale 2007, tsiku limene Warne ndi Justin Langer nawonso anatsanzika, Australia itakwapula England 5-0.

Kodi si chionetsero chabe, choti makampani azidzitsatsa ndi matenda a anthu?

Funsoli ndi loyenera. Makampani amapinduladi dzina lawo likaoneka pambali pa pinki, ndipo kwa zaka zambiri anthu odwala khansa zina, monga ya m'mapapo kapena ya m'matumbo, ankadandaula kuti khansa ya m'mawere ndiyo imatenga chidwi chonse ndi ndalama. Kukulitsa ntchito kwa 2025 kunayankha mbali ya dandauloli.

Tiyeneranso kunena kuti zitini za ku bwalo sizilipira anamwino onse. Boma la Australia lakhala likupereka ndalama zambiri ku bungweli kuyambira 2008. Ena angafunse kuti ngati anamwinowa ndi ofunika chotere, bwanji boma osangowalemba lokha ntchito popanda kudikira munthu wotchuka. Komabe n'zokayikitsa kuti andale akanafulumira chonchi pakanapanda bwalo lodzaza ndi anthu ovala pinki pa kanema chaka ndi chaka. Ntchito ya McGrath m'bungweli, monga pulezidenti wake, ndi imeneyo: Januwale aliyense amaima pamaso pa makamera n'kufotokozanso za imfa ya mkazi wake, nkhani imene anthu ambiri akanakonda kuisunga m'nyumba.

Tinamva kuti anapha njovu ku Zimbabwe. N'zoona?

Mu Febuluwale 2015 pa intaneti panatuluka zithunzi zomuonetsa atanyamula mfuti pambali pa njovu, njati ndi fisi zakufa. Zinajambulidwa mu 2008 pa ulendo wokasaka nyama ku Zimbabwe. Anthu anakwiya kwambiri, ena mpaka ananena kuti asiya kupereka ndalama ku bungwe lake. McGrath anavomera kuti anapitadi, ananena kuti usakiwo unali ndi chilolezo cha boma, koma anati poyang'ana m'mbuyo sizinali zoyenera ndipo akumva chisoni. Kusaka kolipira kotereku n'kololedwa ku Zimbabwe ndipo kuli ndi oikira kumbuyo ake, koma chithunzi cha mlendo wolemera atakhala pambali pa njovu yakufa sichinamukomere, ndipo sichidzafufutika.

Kodi bungweli limathandiza odwala a kunja kwa Australia?

Ayi, anamwino ake ali ku Australia kokha. Chimene chinawoloka nyanja ndi ganizo logwiritsa ntchito tsiku la kriketi. Ku South Africa, kuyambira 2013, timu ya dziko imavala pinki pa sewero la tsiku limodzi ku Wanderers, ndipo ndalama zimathandiza odwala khansa ya m'mawere pa chipatala cha Charlotte Maxeke mu Johannesburg. Ndi pa tsiku lotere, mu Januwale 2015, pamene AB de Villiers anafika pa marani 100 ndi mipira 31 yokha. Ku England, Andrew Strauss, kaputeni wakale, mkazi wake Ruth atamwalira ndi khansa ya m'mapapo mu Disembala 2018, anakhazikitsa Ruth Strauss Foundation, ndipo kuyambira 2019 bwalo la Lord's limavala zofiira tsiku limodzi pa chaka.

Amene mwamva chotupa m'bere, kapena mwaona kuti khungu kapena nsonga ya bere yasintha, pitani kuchipatala chapafupi msanga. Khansa imeneyi ikapezeka koyambirira mwayi wochira umakhala waukulu.

Akuchita chiyani masiku ano kupatula za bungweli?

Atasiya timu ya dziko anasewerako pang'ono mu ligi ya IPL ku India, m'timu ya Delhi Daredevils, mu 2008. Mu 2010 anakwatira Sara Leonardi ndipo ali ndi mwana wamkazi. Kuyambira 2012 amatsogolera sukulu ya oponya mpira ya MRF Pace Foundation ku Chennai, komwe analowa m'malo mwa Dennis Lillee. Mu 2013 bungwe loyendetsa kriketi pa dziko lonse la ICC linamuika m'kaundula wa akatswiri olemekezeka. Kwawo ku Narromine anamuimikira chipilala. Amamvekanso pa wailesi ndi pa kanema akuthirira ndemanga pa masewero.

Mbiri yake ya mawiketi 563 idakalipo?

Kwa zaka zambiri panalibe woponya mwaliwiro amene anali ndi mawiketi ochuluka kuposa iye pa masewero a Test. Anamupitirira ndi James Anderson wa ku England mu Seputembala 2018, pa bwalo la The Oval ku London. Anderson yemweyo ndi amene McGrath anamutulutsa ndi mpira wake womaliza wa Test ku Sydney mu 2007. Anderson anapuma ali ndi mawiketi 704, ndipo Stuart Broad naye anadutsa n'kufika pa 604. Onse awiri anasewera masewero ambiri kuposa McGrath, ndipo wiketi iliyonse ankaigula ndi marani ochulukirapo.

Bwanji masewero a Ashes akayandikira atolankhani amathamangira kwa iye?

Chifukwa amadziwiratu yankho. Ukamufunsa kuti zitha bwanji, amati Australia ipambana 5-0, kaya timu ili bwino kaya ili pa mavuto, kaya akusewerera ku Australia kaya ku England. Ananena zimenezi mu 2005, England n'kutenga chikho. Anabwerezanso chaka chotsatira ndipo zinachitikadi. Mu 2013 mpaka 2014 zinachitikanso. Nyuzi za ku England zimamuseka nazo, iye amaseka nawo, ndipo chikho chikayandikiranso amanenanso 5-0.